Tisataye Zisa za Njuchi: Mau a pa Msonkhano wa Nthambi

Ife timadandaula ndi mtengo wa palafini, chikhalirecho tikafula uchi timataya zisa kudzala. M'zisa m'menemo muli kuunika kwathu.

Tiwiritse zisazo m'madzi, ndi kusefa pa nsalu. Madzi akazizira, phula limauma pamwamba. Phulalo tilisungunule m'chitini choviika mu mphika wa madzi otentha, pakuti likakhala pa moto peni-peni limayaka. Tipote thonje likhale chingwe, tichiimike pakati pa kachidutswa ka nsungwi, titseke pansi ndi dongo, ndipo tithiremo phula. Likauma ting'ambe nsungwiyo, kandulo ndi ameneyo.

Tiyeni tonse, yense adze ndi kandulo wake pa msonkhano ukudzawu, kuti ana athu aziwerenga usiku.