KAIMIDWE KABWINO POYAMBA KUSEWERA GOFU

Bwalo la gofu la mu Livingstone ndi limodzi la mabwalo akale koposa m'Zambia. Linayamba m'caka ca 1908, mzindawo usanakhale likulu la Northern Rhodesia, ulemu umene unakhala nao kuyambira 1911 kufikira 1935. Masiku amenewo gofu anali masewera a Azungu. Nchito ya anthu akuda inali kusenza matumba a ndodo ndi kufunafuna timipira totayika m'udzu, ndipo zinali cimodzimodzi ku Migodi, pa mabwalo a ku Nkana, Nchanga, Mufulira ndi Luanshya. Koma zinthu zinatembenuka. M'caka ca 2006 Madalitso Muthiya anakhala munthu woyamba wa m'Zambia kusewera pa mpikisano waukuru wa U.S. Open ku America. Cotero mnyamata kapena mtsikana wa ku Linda amene alakalaka gofu, salakalaka cinthu cosatheka.

Woyamba kumene ayesa kuti mphamvu za manja ndizo ziponya mpira patali. Amenya ndi ukali wonse, adzandira, ndipo ndodo ikumba dothi mpira uli gone pomwepo. Ian Woosnam wa ku Wales, amene anapambana Zambia Open m'1985 ndi Masters m'1991, ndi munthu wamfupi ndithu, koma mpira wace unali kupita kutali monga wa anthu a misinkhu yaitari. Cinsinsi ciri pa kaimidwe ndi kukhazikika kwa thupi.

Poyamba ndi mapazi. Munthu wamanjamanja aima cammbali, phewa lamanzere litaloza kumene mpira upite. Mapazi atalikirane monga kutambalala kwa mapewa ace. Akayandikana kwambiri, munthu apendekeka. Akatangadza kopitirira, ciuno cikana kutembenuka. Kulemera kwa thupi kukhale pakati pa mapazi, osati pa zidendene kapena pa zala, ndipo miyendo iwiri igawane katunduyo mofanana.

Caciwiri ndi msana, ndipo apa ndipo ambiri adzipweteka. Wosewera awerame kuyambira m'ciuno, matako atabwerera kumbuyo pang'ono, msana uli woongoka ngati wa mai wosenza mtsuko wa madzi. Maondo apindike pang'ono cabe. Manja alendewere okha pansi pa mapewa, ndipo pakati pa manja ndi nchafu patsale mpata wonga cikhatho cimodzi. Cibwano cisagwere pa cifuwa, cifukwa phewa lifunika njira yopita pansi pace. Munthu wa pa mgodi adziwa kale kuti wokweza fosholo ndi msana wopindika sacedwa kukagona ku cipatala. Lamulo lomweli ligwira nchito pa gofu, pakuti kupotoza msana wopindika kambirimbiri pa maenje 18 kubala matenda osatha msanga.

Cacitatu ndi kutembenuka. Wochecha udzu ndi cikwakwa sachecha ndi dzanja lokha. Thupi lonse lizungulira, ndipo dzanja lingotsata. Pokweza ndodo kumbuyo, mapewa atembenuke kufikira msana utaloza kumene mpira upite, koma ciuno citembenuke ngati theka cabe la ulendo wa mapewawo. Kulemera kupite ca m'kati mwa phazi lamanja, kosasefukira kunja kwace. Potsitsa ndodo, mapazi ndi ciuno ndizo ziyamba, mapewa atsata, manja adza pambuyo. Mutu ukhale wabata, koma wosauma ngati citsa. Opalasa bwato ciimirire pa Zambezi acita comweco: mapazi agwira pansi molimba, ndipo mphamvu icokera m'miyendo ndi m'ciuno kufikira ku nkhafi.

Mboni ya zonsezi ndi mathero. Mpira utacoka, kulemera kukhale pa mwendo wamanzere, lamba ataloza kumene mpira wapita, cidendene camanja ciri m'mwamba. Wophunzira aime comweco ndi kuwerenga kufikira katatu. Akalephera, adziwe kuti anamenya ndi mphamvu yoposa imene thupi lace likhoza kuilamulira, ndipo acepetse liwiro.

Kuphunzira izi sikulira ndarama. Pa bwalo la nyumba ku Linda, ku Maramba kapena ku Libuyu, mpini wa tsace ukwanira. Wophunzira augoneke pa msana, ukhudze nkhongo ndi pansi pa msana, ndipo awerame mpini usanacoke pa malo awiriwo. Kumeneko ndiko kuwerama koyenera. Pambuyo pace aphatikize mapazi pamodzi ndi kuzunguza mpiniwo mofatsa kakhumi, pakuti woima cotero sangathe kukankha ndi ukali osagwa. Mcenga wa mu Livingstone uli mphunzitsi nawonso. Woyeseza wopanda nsapato aone mapazi ace pa mcengapo: ngati zidendene zazama, anakhalira kumbuyo, ngati zala zakumba, anagwera kutsogolo. M'mwezi wa October, dzuwa likamawamba, nthawi yabwino ndi mmamawa kapena madzulo.

Mphindi khumi tsiku ndi tsiku ziposa tsiku lathunthu kamodzi pa mwezi. Akulu anati kuona maso a nkhono nkudekha. Wofika pa bwalo la gofu atadziwa kale kuima, ngakhale ndodo yace iri yobwereka, aphunzira zotsalazo msanga, ndipo msana wace umsunga m'masewerawa kufikira imvi.