Makhitchini a ku Chitawira: zimene zidatha ndi zimene zidakana kutha

Munthu woyenda m'mawa m'misewu ya ku Chitawira, ku Nkolokosa kapena ku Kanjedza, akakweza maso n'kuyang'ana madenga a nyumba zakale, amaona apa ndi apo kachumuni katatuluka pamwamba. Chodabwitsa n'chakuti machumuni amene akufuka utsi ndi owerengeka. Moto uli pansi, pakhonde la kuseri, pamene mayi kapena mtsikana wawerama n'kumakupiza mbaula ndi chivundikiro cha poto. Omvera a ku Chitipa, ku Mchinji kapena ku Nsanje angayese kuti iyi ndi nkhani ya anthu a m'tauni okha, koma makala amene ali m'mbaulamo achokera ku mitengo ya kumudzi.

Khitchini ya makolo idali kanyumba kapadera, kofolera ndi udzu. Pakati pake padali mafuwa atatu, ndipo pamwamba pa moto padali nsanja pamene amayi ankaikapo chimanga cha mbewu, mfutso ndi nsomba zowamba. Utsi umene unkaliza maso ndi womwewo umene unkathamangitsa anankafumbwe, ndipo unkatuluka wokha kudzera mu udzu wa denga. Panja padali thandala loyanikapo mbale, mtondo ndi munsi, ndipo pamthunzi padali mtsuko wa madzi akumwa. Chilichonse chidali ndi malo ake ndi chifukwa chake.

Anthu atayamba kukhamukira ku Blantyre ndi ku Limbe kukagwira ntchito ku njanji, ku mafakitale a fodya ndi m'maofesi a boma, adapeza nyumba zojambulidwa ndi anthu a maganizo ena. Matauni awiriwa adaphatikizidwa mu 1956, ndipo mu 1964 boma lidakhazikitsa bungwe la Malawi Housing Corporation kuti limange ndi kubwereketsa nyumba m'malo ngati Chitawira. M'nyumba za mtundu umenewu khitchini idalowa pansi pa denga limodzi ndi chipinda chogona. Kadali kachipinda kakang'ono, ka simenti pansi, kokhala ndi zenera limodzi ndi chitseko chotulukira kuseri. Popeza utsi sungadutse m'malata monga umadutsira mu udzu, omanga adaika chumuni pamwamba pa malo ophikira.

M'nyumba zambiri za boma, pansi pa chumuniyo pankakhala sitovu yachitsulo ya nkhuni, imene ambiri ankaidziwa ndi dzina loti Dover. Idali yakuda, yolemera moti amuna awiri ankavutika kuinyamula. Nkhuni zinkalowa pa kachitseko kambali, pamwamba padali zivundikiro zozungulira zimene ankazinyamula ndi kachitsulo kokowera, ndipo pambali padali uvuni. Moto umodzi womwewo unkaphika ndiwo, kutenthetsa madzi osamba ndi kupsereza chigumu cha wophika wosasamala. Masikono ambiri amene ana a sukulu a nthawi imeneyo ankadya adatuluka m'mauvuni amenewa. M'miyezi ya Juni ndi Julaye, chiperoni chikakuta mapiri a Soche ndi Ndirande, banja lonse linkaunjikana m'khitchini chifukwa chitsulocho chinkasunga kutentha mpaka usiku.

Komabe amayi ambiri sadaikonde kweni-kweni. Nsima imafuna moto wolasa poto, ndiponso poto wokhala pansi, woti munthu aupanire bwino povundula ndi mthiko. Sitovu ija inkachedwa kutentha, inkadya nkhuni ngati uvuni wa njerwa, ndipo inkafuna nkhuni zowazidwa bwino, zodulidwa mofanana. Chitsulo chake chikang'aluka, chosinthira chinkasowa. Tsono mitengo ya m'mapiri ozungulira mzinda itayamba kutha, mtolo wa nkhuni n'kukwera mtengo, anthu adazitulutsa. Zina zidagulitsidwa kwa osula zitsulo, zina zidasanduka poikira ndowa kuseri kwa nyumba.

Mbeta ndi anyamata apantchito adali ndi chawo chophikira, pulayimasi. Kameneka kadali kasitovu kamkuwa ka palafini kamene kadayamba kupangidwa ku Sweden mu 1892 pa dzina loti Primus. Kuyatsa kwake kudali mwambo: kuthira sipiriti pa kambale kake, kuyatsa kuti mutu wake utenthe, kupopa kangapo, kenaka kutokosa kabowo ndi kapini kuti palafini atuluke bwino. Ikayaka inkalira mwaphokoso kotero kuti woyandikana naye nyumba ankadziwa kuti uku tiyi wayamba. Wopopa mutu usadatenthe ankaona malawi achikasu akulumphira kudenga, nsidze zitapita. Mafuta atakwera mtengo pa dziko lonse kuyambira 1973, ndiponso nkhondo ya ku Mozambique itadula njanji za ku Beira ndi ku Nacala m'zaka za m'ma 1980, palafini adasanduka wa nyali yokha, ndipo kulira kwa pulayimasi kudazilala.

Chinthu china chimene achinyamata a lero sangachizindikire ndi kabati ya sefa. Idali kabati yamatabwa, ya miyendo itali-itali, yokutidwa ndi waya wa timabowo ting'ono-ting'ono m'mbali kuti mphepo izidutsa koma ntchentche zisalowe. Miyendo yake inkaima m'zitini za madzi kapena za palafini pofuna kutsekereza nyerere. M'menemo munkagona mkute, nyama yowiritsa ndi mkaka. Sinkaziziritsa monga firiji, koma sinkadalira munthu wina aliyense. Mtsuko nawo udali ndi nzeru yofanana: madzi ochepa amene amatuluka ngati thukuta m'dothi lake akamauma ndi mphepo, amatenga kutentha n'kusiya madzi a m'kati ali ozizira. Ndowa yapulasitiki imene idalanda malo a mtsuko ndi yopepuka ndipo siisweka, koma madzi ake masana amakhala ngati osambira.

Ku Sunnyside, ku Mandala ndi ku Namiwawa, m'nyumba zimene kale zidali za Azungu, mudali kazenera kapakhoma pakati pa khitchini ndi chipinda chodyera. Khukhi ankapereka mbale pamenepo kuti fungo la kuphika, ndi iye mwini, zisafike pa tebulo la abwana. Kazenera aka kadatsekedwa ndi njerwa m'nyumba zambiri, ndipo palibe amene amakalira.

Chimene chidasintha zinthu koposa ndi magetsi. Malo opangira magetsi a Nkula pa mtsinje wa Shire adayamba kugwira ntchito mu 1966, a Tedzani n'kutsatira mu 1973. Pang'ono-pang'ono hotipuleti idalowa m'nyumba za aphunzitsi, anamwino ndi makalaliki, ndipo amene adali ndi ndalama adagula sitovu yoyera ya mapuleti anayi pamodzi ndi firiji. Chumuni idayamba kuoneka ngati chinthu chochititsa manyazi, chizindikiro chakuti pakhomopo sadatukuke. Pajatu akuti tsabola wakale sawawa. Anthu okonzanso nyumba adagumula malo ophikira aja, kutseka chumuni ndi simenti, kumata matayilosi m'makoma ndi kukhoma makabati kuyambira pansi mpaka kudenga. Khitchini idawala ndithu, koma idamangidwa ngati kuti magetsi sadzazimanso.

Magetsi adazima. Mu 2016 ndi 2017 madzi a m'nyanja ya Malawi atatsika, mtsinje wa Shire udachepa mphamvu, ndipo mizinda inkakhala mu mdima maola ambiri pa tsiku. Mu Januwale 2022 namondwe wa Ana adaononga damu la Kapichira, dziko n'kutaya mamegawati pafupi-fupi 130, ndipo makina akewo adadzayambanso kugwira ntchito mu 2023. Ngakhale magetsi alipo, mayi wanzeru saphika nyemba pa hotipuleti, chifukwa mayunitsi a mwezi wonse angathe nyembazo zisadafewe. Akale adati mapanga awiri avumbwitsa, koma m'khitchini ya m'tauni wovumbwa ndi amene ali ndi phanga limodzi. Motero mbaula ya makala, imene ambiri ankati ndi ya osauka, ili m'nyumba ya mlonda ndi ya bwana yemwe.

Apa ndi pamene kutseka chumuni kudasanduka nkhani ya moyo. Mvula ikamagwa kapena kukazizira, mbaula imalowetsedwa m'khitchini yopanda potulukira mpweya. Makala oyaka amatulutsa mpweya wakupha umene ulibe fungo kapena mtundu. Munthu amayamba kumva mutu ndi chizungulire, kenaka tulo, ndipo ena amene adagona ndi mbaula m'chipinda chotseka sadadzukenso. Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO lidawerengera kuti mu 2020 utsi wa m'nyumba udapha anthu oposa 3 miliyoni pa dziko lapansi. Ndiponso mbaula imakhala pansi, pamene mwana wokwawa amafika, pomwe sitovu yakale ija inkakweza poto wa phala kufika m'chiuno mwa munthu wamkulu. Ku chipinda cha odwala zilonda za moto ku chipatala cha Queen Elizabeth, chimene chili pafupi ndi Chitawira, ana aang'ono sasowa.

Mtengo wina ukulipidwa kunja kwa khitchini. Matumba a makala amalowa mu Blantyre usana ndi usiku, pa njinga ndi pa malole, kuchokera ku Mwanza, ku Neno ndi ku Chikwawa, ngakhale kuti lamulo la nkhalango la 1997, limene lidakhwimitsidwa mu 2020, limaletsa kuotcha makala popanda chilolezo. Phiri la Ndirande lidametedwa kale. Mu Malichi 2023 namondwe wa Freddy atagwetsa mvula ya masiku angapo, matope ndi miyala zidatsika m'phiri la Soche n'kukwirira nyumba ndi anthu ku Chilobwe ndi ku Manja, kufupi ndi Chitawira. Mvulayo idali yoopsa payokha, koma phiri lopanda mitengo, lomangidwa nyumba mpaka m'mwamba, lidalibe chogwirira nthaka.

Zoyesa kuchepetsa vutoli zilipo. M'zaka za m'ma 1980 kudabwera mbaula yamalata yokhala ndi dothi lootcha m'kati, yotengera ya ku Kenya, imene imasunga kutentha ndi kudya makala ochepa kusiyana ndi yachitsulo chokha-chokha. Mu 2013 boma lidalonjeza kufalitsa mbaula zosunga nkhuni zokwana 2 miliyoni pofika 2020, ndipo yodziwika kwambiri mwa izo ndi Chitetezo Mbaula, youmbidwa ndi dothi, imene imayaka ndi tinthambi ndi zitsononkho. Gasi nayenso walowa m'nyumba zina, ngakhale kuti agogo ambiri samugonera tulo poopa kuphulika, ndipo silinda yoyamba imafuna ndalama zimene makala ogula pang'ono-pang'ono safuna.

Amene akumanga kapena kukonza nyumba tsopano ayambanso kusiya kamalo kuseri, kofolera ndi malata koma kotsegula m'mbali, kuti mbaula iziyakira pamphepo. Mafuwa atatu aja nawo sadachoke. Pakhomo pakagwa maliro kapena pakakhala chinkhoswe, palibe sitovu ya magetsi imene ingasenze chimphika cha nsima ya anthu mazana awiri. Amayi amatuma anyamata kukatola miyala kapena njerwa, amazikhazika zitatu-zitatu kuseri kwa nyumba, n'kumanga zitenje m'chiuno, wina atagwira chimphika, awiri akuvundula.