Sitima ya Magetsi ndi Waya Wake

Nkhani ya sabata ino ikuyambira ku Neno. Munthu woima m'mbali mwa njanji yodutsa m'boma limeneli amamva sitima isanaoneke, kenaka mabogi a malasha amadutsa ali m'chingwe chachitali. Njanjiyi inamangidwa ndi kampani ya Vale ya ku Brazil, ndipo imachokera ku migodi ya Moatize ku Tete, kudzera m'Malaŵi, mpaka ku doko la Nacala, mtunda wa makilomita oposa 900. Mainjini okoka mabogiwo amayendera dizilo wogulidwa kunja. Komatu chakummaŵa kwa boma lomweli, pamtsinje wa Shire, madzi akhala akupukusa makina opanga magetsi pa Nkula kuyambira mu 1966 ndi pa Tedzani kuyambira mu 1973. Njanji ndi magetsi zili pafupi, koma sizinakumane.

Amene anaziona zitakumana ndi ana a ku Neno ndi a m'maboma ena amene anapita kukagwira ganyu ku South Africa, kumene makolo ankakutcha ku Joni. Kumeneko anthu ambiri amagona m'makomboni akutali ndi mzinda, ndipo sitima ndiyo imaŵatengera kuntchito m'mamaŵa pamtengo wotsika kuposa wa minibasi. Kwa zaka zambiri ankakwera sitima zakale zachikasu ndi zotuŵa, zofa kaŵirikaŵiri, zina zoyenda zitseko zili pululu, anthu atalendeŵera pakhomo.

Mu 2013 bungwe la boma loyendetsa sitima za anthu, la PRASA, linagwirizana ndi kampani ya Gibela kuti ipange sitima zatsopano 600, iliyonse ya mabogi 6. Zoyamba 20 zinapangidwira ku Brazil. Zotsalazo zinayamba kupangidwa pafakitale ya ku Dunnottar, kummaŵa kwa Johannesburg. Zinayamba kunyamula anthu ku Pretoria mu 2017. Nzobiriŵira ngati thambo, ndipo eni dziko anazipatsa dzina lakuti Isitimela Sabantu, ndiye kuti sitima ya anthu. Imodzi imanyamula anthu oposa 1,000, ndipo siichoka pasiteshoni zitseko zisanatsekeke.

Kodi sitima yotere imayenda bwanji popanda mafuta? Pamwamba pa njanji pamadutsa waya wa mkuwa wonyamula mphamvu ya mavoti 3,000. Padenga pa sitima pali mkono wachitsulo umene umakhudza wayayo nthaŵi zonse, nkumatsitsira mphamvu ku mamota ali pafupi ndi mateyala. Siitulutsa utsi, imanyamuka msanga ndi kuima msanga, nchifukwa chake imayenerera njira za masiteshoni oyandikana. Koma moyo wake wonse uli pa waya uja. Waya ukaduka pamalo amodzi, sitima zonse za njira imeneyo zimaima.

Zimenezi zinachitikadi. Mu 2020, pamene anthu anauzidwa kukhala m'nyumba chifukwa cha mliri wa Covid-19, masiteshoni anatsala opanda alonda okwanira. Mbala zinadula mawaya ndi kukagulitsa mkuwa, zinazula zitseko, mazenera, ngakhale zitsulo za njanji. Ku Cape Town, panjira yopita ku Khayelitsha, anthu osoŵa pokhala anamanga zisakasa panjanji penipeni. Sitima zatsopano zinalipo, koma njira zambiri zinali zitafa, ndipo kuzidzutsa kunatenga zaka ndi chuma chambiri. Amene anavutika si olemera okhala ndi magalimoto ayi, koma mayi wochapa m'nyumba za ena ndi mnyamata wolima maluŵa, amene anayamba kuthera malipiro awo pa minibasi. Mmalaŵi akatero, ndalama yotumiza kumudzi imachepa, ndipo mwana wa ku Lisungwi kapena ku Matope amabwezedwa kusukulu chifukwa cha fizi.

Malaŵi alibe sitima ya magetsi, ngakhale kuti njanji yake njofanana m'lifupi ndi ya ku South Africa. Anansi a ku Tanzania anayamba kuyendetsa yawo pakati pa Dar es Salaam ndi Dodoma mu 2024. Mlimi wa manachesi, tirigu kapena kachewere wa ku Neno angalakelake tsiku limene mbewu zake zidzafike ku Blantyre ndi mphamvu ya Shire, ndipo kulakalaka kotero sikolakwa.

Koma akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno. Waya wa ESCOM wodutsa m'munda, thiransifoma ya pachigayo ndi pachipatala, mabauti a njanji: zimenezi zilipo kale, ndipo nazo zimabedwa. Wakubayo sachokera kumwamba. Amagona m'mudzi, ndipo wogula mkuwa wake amadziŵika. Mfumu ndi anthu ake akaphunzira kusunga waya umene uli pakhomo pawo lero, adzakhala okonzeka kusunga wa sitima tsiku limene udzamangidwe.