Mapazi a Woyendetsa Ndege

Anthu ambiri akamva za woyendetsa ndege amaganiza za manja ndi maso ake. Amamuona m'maganizo atagwira chiwongolero, maso ali pa timawotchi tambirimbiri ta m'chipinda chake. Za mapazi saganizako, poti mapazi amakhala pansi, kumene wojambula zithunzi saloza makina ake. Nkhani ya lero ikunena za mapaziwo, ndipo yalinga makamaka kwa achinyamata a ku Neno ndi maboma ena amene akukhumba kuyeserera kuulutsa ndege pa kompyuta, pamodzi ndi makolo ndi aphunzitsi awo.

Boma la Neno, limene lidapatuka ku Mwanza m'chaka cha 2003, lilibe bwalo lotera ndege zonyamula anthu. Mwana wa kwa Dambe kapena wa ku Lisungwi wofuna kuona ndege ili pansi ayenera kuwoloka Shire pa Zalewa mpaka akafike ku Chileka. Komabe mwanayo chimene chimaongola ndege amachidziŵa kale, ngakhale sadziŵa kuti akuchidziŵa. Pa mtsinje wa Shire womwewo, mwini bwato amakhala kumbuyo, ndipo akafuna kuti mutu wa bwato upenye kwina amapendeketsa nkhafi yake m'madzi. Zombo zapanyanja zili ndi thabwa kapena chitsulo kumbuyo chogwira ntchito yomweyo, ndipo dzina lake ndi tsigiro. Nayo ndege ili ndi tsigiro lake, ndilo gawo lakumbuyo la mchira uja woimirira, umene makampani amajambulapo chizindikiro chawo. Tsigiroli limatembenuzidwa ndi zopondera ziŵiri. Phazi lamanzere likakankha, mphuno ya ndege imapenya kumanzere. Lamanja likakankha, imapenya kumanja.

Kunena n'kwapafupi, koma thupi limakana. Wopalasa njinga akakankha handulo ndi dzanja lamanzere, gudumu limapenya kumanja, ndiye kuti chizoloŵezi chake n'chosemphana ndi cha m'ndege. Woyendetsa galimoto naye adazoloŵera kuti kilachi, buleki ndi chopondera moto chilichonse chimayenda pachokha, pamene zopondera za ndege n'zolumikizana: chimodzi chikapita kutsogolo, chinzake chimabwerera m'mbuyo. N'chifukwa chake si zachilendo kuona wophunzira watsopano akuyendetsa ndege pansi mokhotakhota ngati munthu wochokera kumoŵa, manja ali kalikiliki kupotoza chiwongolero chimene pansipo sichithandiza kanthu. M'ndege zazing'ono zambiri gudumu lakutsogolo limamvera mapazi, ndipo mabuleki nawo ali kunsonga kwa zopondera zomwezo.

Mumlengalenga ntchito ya tsigiro ndi yobisika kwambiri. Ndege simakhota ndi tsigiro, imakhota popendekeka, ndipo kupendekekako kumachitika ndi manja. Woyendetsa akafuna kupita kumanzere, timapiko takumapeto kwa mapiko timasuntha kuti phiko lamanja likwere, lamanzere litsike. Tsono phiko limene likukweralo limakokedwanso kwambiri ndi mphepo, kotero kuti mphuno imayamba kuthaŵira kumanja, kumene woyendetsa sakufunako. Phazi lamanzere ndilo limabweza mphunoyo. Vuto limeneli lidasautsa Wilbur ndi Orville Wright pamene ankayesa ndege zawo zopanda injini pa mchenga wa ku Kitty Hawk, m'dziko la America. Adalithetsa mu October 1902 poika tsigiro lotembenuzika m'malo mwa mchira wouma, ndipo chaka chotsatira, pa 17 December 1903, ndege yawo ya injini idauluka kwa masekondi 12. Pa gulu la mawotchi a ndege pali kachubu kokhala ndi kampira kakuda mkati. Kampirako kakathaŵira mbali ina, aphunzitsi amauza wophunzira kuti aponde mbali yomweyo mpaka kabwerere pakati.

Pali nthaŵi zitatu zimene mapazi amasanduka nkhani ya moyo ndi imfa. Ponyamuka, ndege ya pulopela imodzi monga Cessna 172 imafuna kupatukira kumanzere chifukwa cha kuzungulira kwa pulopelayo, ndipo phazi lamanja likagona ndege imatuluka mumseu wake. Potera, mphepo ikamaomba chopingasa, woyendetsa amadza mphuno itapenya kumphepo, ndipo m'kamphindi kotsiriza amaiwongola ndi phazi kuti magudumu agunde pansi atalunjika. Yachitatu ndiyo yoopsa: ndege ya injini ziŵiri ikazimikira imodzi, injini yamoyo imakoka mbali yake yokha, ndipo ndege imafuna kuzungulira ngati ngolo imene ng'ombe imodzi yagona pagoli. Apo woyendetsa alibe mpata woganiza. Phazi la mbali ya injini yamoyo liyenera kukankha msanga mutu usanamalize kufunsa chimene chachitika. Ndege ya mtundu wa Q400, imene kampani ya Malawian Airlines idayamba nayo maulendo pakati pa Blantyre ndi Lilongwe mu January 2014, ndi ya injini ziŵiri zotere, ndipo oyendetsa ndege zoterezi amayesedwa kaŵirikaŵiri pa za kuzima kwa injini. Kuyesako kumachitikira pansi, m'makina oyeserera kuuluka.

Makina ameneŵa mbiri yawo ndi yakale. Edwin Link, wa mumzinda wa Binghamton ku America, adakulira m'fakitale ya bambo ake yopanga malimba, ndipo m'chaka cha 1929 adatenga mivukuto ya malimbawo n'kupanga kabokosi kokhala ndi ndodo ndi zopondera, kamene kankapendekeka ndi kutembenuka monga ndege. Poyamba anthu adakayesa choseŵeretsa. M'chaka cha 1934, oyendetsa ndege za asilikali atafa angapo ponyamula makalata mumdima ndi m'mitambo, asilikaliwo adagula mabokosi asanu ndi limodzi, ndipo pa nkhondo yachiŵiri ya dziko lonse adapangidwa oposa 10,000. Zimene kale zinkafuna fakitale, lero zimaloŵa m'kompyuta wamba. Microsoft Flight Simulator idatuluka koyamba mu 1982. Pulogalamu ina, FlightGear, idayamba cha m'ma 1997, ndipo ndi yaulere. Munthu akaikopera kamodzi pamodzi ndi mapu a dera lake, atha kuigwiritsa ntchito popanda intaneti. Kumudzi kumene magetsi ndi a sola ndipo mtengo wa intaneti umaluma, mfundo imeneyi si yaing'ono. (N'zomvetsa chisoni ndithu kuti magetsi a ku Nkula ndi ku Tedzani amapangidwa pa Shire pafupi pomwepo, koma nyumba zambiri za kumidzi ya Neno zikadaunikirabe tochi.)

Tsono apa ndi pamene pagona nkhani. Amene amayamba kuyeserera pa kompyuta amagula ndodo yokha, kapena amangodina mabatani. Mapulogalamuŵa ali ndi malo osankha kuti kompyuta izidziponderera yokha tsigiro, ndipo ndodo zina zimapotozeka kuti dzanja ligwire ntchito ya phazi. Kwa woseŵera chabe palibe cholakwa. Koma kwa amene ali ndi cholinga chodzakhala m'ndege yeniyeni, miyezi yambiri youluka mapazi ali phee pansi imamuphunzitsa ulesi umene mphunzitsi adzavutika kuuchotsa, ola lililonse likulipiridwa ndi ndalama zambiri. Zopondera zopangidwa kale zilipo, za makampani monga Thrustmaster, Logitech ndi CH Products, koma n'zodula, osaŵerengera zotumizira ndi msonkho.

Mwamwaŵi, pa zipangizo zonse za woyeserera ndege, zopondera ndizo zosavuta kupanga. Kalipentala wa pa Neno boma kapena wowotcherera zitsulo wa pa Zalewa angathe ntchitoyi atauzidwa bwino. Pafunika thabwa lolimba lapansi, ndi mtanda wopingasa wozungulira pa bawuti yapakati. Habu yakale ya njinga imagwira bwino ntchito imeneyi poti ili ndi timipira take kale. Kumapeto aŵiri a mtandawo kumakhala popondapo. Mphira wa chubu womangidwa mbali zonse ziŵiri mofanana umabweza mtanda pakati phazi likaleka kukankha, ndipo mphirayo akhale wolimbirapo, chifukwa zopondera zofeŵa zimaphunzitsa phazi kudumphadumpha. Chouza kompyuta kuti mtanda wapotoka motani n'chinthu chimene womvera aliyense adachigwirapo: kachitsulo kozungulira kaja kokwezera ndi kutsitsira mawu a wailesi, kamene amisiri amakatcha potentiometer. Kamalumikizidwa ku bawuti yapakati, ndipo mawaya ake atatu amapita ku kabolodi kakang'ono ka Arduino Leonardo, kamene kakapatsidwa pulogalamu yake kamaonekera kwa kompyuta ngati ndodo yoseŵerera. Thabwa lapansilo litsamire kukhoma, mpando nawo usakhale wotsetsereka, apo ayi woyendetsa adzadzikankha yekha kuchoka pa tebulo.

Komatu makina oyeserera amaphunzitsa chilichonse chimene munthu abwereza, chabwino ndi choipa chomwe. Pa 12 November 2001 ndege ya American Airlines, ulendo nambala 587, ya mtundu wa Airbus A300, idanyamuka ku New York kupita ku Santo Domingo. Idaloŵa mumphepo yovunduka yosiyidwa ndi ndege yaikulu ya Boeing 747 imene idanyamuka patsogolo pake. Mphepoyo payokha siikadagwetsa ndege. Koma wothandiza kaputeni, amene ankaulutsa, adaponda tsigiro mpaka kumapeto, uku ndi uku, mobwerezabwereza m'masekondi oŵerengeka, mpaka mchira wonse woimirira udathyoka. Anthu 260 a m'ndegemo adafa, pamodzi ndi asanu amene adali pansi. Ofufuza za ngozi a dziko la America, m'lipoti lawo la 2004, adapeza kuti zopondera za ndege ya mtunduwo zinkamvera msanga kwambiri pa liŵiro lalikulu, ndiponso kuti zina mwa zimene oyendetsa adaphunzitsidwa m'makina oyeserera zidawazoloŵeza kuponda mwamphamvu mopitirira muyeso. Pa kompyuta yakunyumba mchira suthyoka, ndipo ukathyoka munthu amangodina batani n'kuyambanso. Ndiye chifukwa chake woyeserera ayenera kudziletsa yekha, kukankha pang'onopang'ono, zidendene zili pansi, n'kudikira kuona mmene ndege yayankhira asanawonjezere.

Makolo adziŵenso kuti maola a pa kompyuta yakunyumba saŵerengedwa pa chiphaso choyendetsera ndege. Chiphasocho chimafuna sukulu yovomerezeka, masamu, sayansi, Chingerezi, maso ndi mtima zoyezedwa ndi dokotala, ndi maola a m'ndege yeniyeni. Njirayo ndi yaitali ndiponso yodula, koma Amalaŵi adaiyendapo. Yolanda Kaunda, mayi woyamba wa dziko lino kukhala kaputeni, adaulutsa ndege kuchoka ku Blantyre kupita ku Dar es Salaam mu March 2017 pamodzi ndi Lusekelo Mwenifumbo, pa ulendo umene ogwira ntchito m'ndegemo adali amayi okhaokha.

Amene wamaliza kupanga zopondera zake asathamangire kumwamba. Asankhe Cessna 172, aiike pa bwalo la Chileka, azimitse malo aja amene kompyuta imadziponderera yokha, ndipo achotse manja pa ndodo. Ayendetse ndegeyo pansi pa liŵiro la munthu wothamanga pang'ono, gudumu lakutsogolo lili pa mzere woyera wapakati, kuyambira kuchiyambi kwa mseu wa ndege mpaka kumapeto kwake, atembenuke, abwerenso. Akatha kuchita zimenezi masiku angapo osaphonya mzere, aike mphepo yopingasa ya mphamvu pang'ono, ayambirenso.