Filimu yaing'ono imene anaikweza ndi oonera

Anzanga, lero tikambeko za My Big Fat Greek Wedding, filimu ya mu 2002 imene Nia Vardalos analemba yekha n'kuseweramonso ngati Toula. Anaipanga ndi madola pafupifupi 5 miliyoni basi, koma inabweretsa oposa 360 miliyoni. Anthu ankangouzana kuti kaonereni.

Toula, mwana wa Agiriki a ku Chicago, akondana ndi Ian, mphunzitsi amene si Mgiriki, komanso sadya nyama. Kwa apongozi okonda kuwotcha nkhosa, umenewo ndi mlandu ndithu!

Ambiri amaikonda chifukwa amaonamo azakhali awo, aja odziwa zonse aja. Ena amadandaula kuti inakokomeza makhalidwe a Agiriki n'cholinga choti tiwaseke. Koma ine funso langa ndi lakuti, anagonja ndani? Ian anachita kubatizidwa m'tchalitchi cha Orthodox kuti amulandire. Makolo ake, anthu ofatsa, filimuyi imangowaseka. A Gus, bambo a Toula, anavomera ukwati, eya, koma nyumba imene anagulira anawo ndi yoyandikana ndi yawo, khomo ndi khomo.

Inu anyamata, mukanalola kubatizidwa? Loweruka likubwerali tidzaionera limodzi, mudzayankhe pamaso pa atsikana.