Mau kwa Osunga Alendo mu Zomba ndi pa Phiri



Likulu la dziko linasamukira ku Lilongwe mu 1975, koma alendo sanaleke kudza ku Zomba. Amakwerabe phiri kukaona dziŵe la Mulunguzi, dzenje la Chingwe ndi malo aja anaimapo Mfumu Haile Selassie mu 1965. Kale ankafikira ku Ku Chawe kapena m'nyumba zoŵerengeka za alendo. Lero munthu angojambula chipinda chake, nachiika pa Airbnb, maŵa lake mlendo wafika. Zimenezi nzabwino, pakuti mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa. Koma wogoneka anthu molipiritsa wayamba malonda, ndipo malonda ali ndi malamulo ake.

Choyamba ndi chiphaso. Chiyambire 1968, pamene kunakhazikitsidwa lamulo la mahotela ndi zokopa alendo, nyumba yogona alendo iyenera kuyenderedwa ndi kuvomerezedwa. Oyendera amaona madzi, zimbudzi ndi zozimira moto, chifukwa mlendo akagona moyo wake uli m'manja mwa mwini nyumba.

Chachiŵiri ndi khonsolo. Wochita malonda mumzinda atenge chilolezo ku Khonsolo ya Mzinda wa Zomba, alipirenso msonkho wa nyumba, umene umathandiza kukonza miseu ndi kuchotsa zinyalala.

Chachitatu ndi msonkho wa boma. Mwini nyumba alembetse ku Malawi Revenue Authority, bungwe limene linayamba ntchito mu 2000, azilemba m'buku ndalama zonse zoloŵa, ngakhale zodzera pa intaneti, aziperekanso msonkho wa zokopa alendo.

A paphiri ali ndi udindo wina woposa. Nyumba zawo zili m'nkhalango yotetezedwa, pamwamba pa madzi amene mzinda wonse umamwa. Chimbudzi chokumbidwa mosasamala kapena moto wosiyidwa m'mapaini ungathe kusautsa anthu a ku Chinamwali ndi ku Matawale amene mlendoyo sanamuone nkomwe.

Wozemba malamuloŵa amatsitsa mtengo, nalanda alendo kwa mnzake wokhulupirika amene walipira zonse. Tsono inu a m'maofesi, ena mwa inu muli nazo nyumba zotere. Yambani ndinu kulembetsa. Ndipo munthu akadza kudzafuna chiphaso, muuzeni zofunika zonse tsiku lomwelo, mumpatse lisiti, musamuyendetse maulendo asanu. Ambiri amazemba lamulo chifukwa chotopa ndi pakhomo pa ofesi.