Msitu wa Ntchisi: Kumene Makolo Anabisala, Adzukulu Akayendeko



Pamwambo ngati uno chikhalidwe chimaonekera m'magule, m'zovala ndi m'zakudya. Komabe chilipo china chimene chinasunga mtundu wa anthu, ngakhale kuti sichitchulidwa kawirikawiri pabwalo, ndicho nkhalango. Mawu a lero akunena za msitu wa paphiri la Ntchisi, umodzi mwa misitu yowerengeka yobiriwira chaka chonse imene yatsala m'Malawi, ndi chifukwa chake mwana wa dziko lino ayenera kukapondamo ndi mapazi ake.

M'zaka za m'ma 1800, pamene nkhondo za Angoni zinafika m'chigawo chapakati ndipo malonda a akapolo anali pachimake ku Nkhotakota, Achewa a m'dera la Ntchisi ankathawira m'phirimo. Mitengo yowirira inawabisa, ndipo mitsinje yake inawamwetsa. Akuluakulu a kumeneko amati n'chifukwa chake msituwo sunadulidwe: palibe munthu wanzeru amene amagwetsa linga limene lam'pulumutsa. Boma la atsamunda linadzauika m'gulu la nkhalango zotetezedwa m'chaka cha 1924, koma linapeza eni nthaka atautchinjiriza kale.

Ulendo wake si wautali. Wochokera ku Lilongwe amadzera ku Mponela n'kukafika paboma la Ntchisi, kenaka amatenga msewu wafumbi wokwera kuphiri. M'chilimwe ndi ulendo wa maola awiri kapena atatu pagalimoto. M'mphepete mwa nkhalangoyo muli nyumba imene inamangidwa m'chaka cha 1914 kuti bwanamkubwa wa boma wachizungu azipumulirako kutentha kwa kunyanja, ndipo lero ndi malo ogona alendo. Kunja kukayera bwino, munthu woima pamalo okwerawa amaona nyanja ya Malawi ikunyezimira chakum'mawa.

Njira zoyendamo sizifuna chingwe kapena mphamvu za mnyamata. Zilipo zaifupi, za ola limodzi kapena awiri, zimene gogo wandodo ndi mwana wa pulayimale angayende limodzi, ndipo ilipo yaitali yokafika pamwamba paphiri. Woyenda amayambira m'mitengo yodziwika ya mombo ndi tsamba, imene imayoyola masamba m'chilimwe n'kuphukira ofiira dzuwa likayamba kutentha. Akakwera pang'ono, zinthu zimasintha. Kuwala kumachepa, mpweya umazizira, nthaka imafewa kumapazi, ndipo mitengo italiitali imakumana kumwamba ngati denga. Zilambe zimalendewera ngati zingwe, ndere zimakuta makungwa, ndipo maluwa ena amamera panthambi osakhudza pansi.

Kusinthaku kuli ndi chifukwa chake. Mphepo yochokera kunyanja imanyamula chinyezi. Ikagunda phiri imakwera, ikakwera imazizira, ndipo chinyezicho chimasanduka nkhungu ndi mvula. Masamba amagwira timadontho ta nkhunguyo n'kumatidonthetsera pansi, pamene masamba owola amasunga madziwo n'kumawatulutsa pang'onopang'ono. Ichi n'chifukwa chake timitsinje totuluka m'phirimo timayendabe mvula itasiya kalekale, ndipo madimba a kumunsi amabiriwira. Mayi wotunga madzi kutsinde kwa phiri amamwa ntchito ya mitengo imene mwina sanaionepo.

Muli m'msitumo chodabwitsa china, mtengo wa mtundu wa kachere umene umayamba moyo wake kumwamba. Mbalame ikadya chipatso imasiya njere panthambi ya mtengo wina. Njereyo imamera, n'kutsitsa mizu yake pansi, ndipo pakapita zaka mizuyo imakula, imalukana ndi kufumbatira mtengo umene unailandira mpaka kuupha. Mtengowo ukawola pamatsala mphako yaikulu yoti munthu n'kuimamo. Mwana amene anangoona kachere pabwalo la milandu amabwerako atadziwa mbali ina ya mbiri ya mtengowo.

Za nyama, akulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Gulu lolowa m'msitu ndi phokoso ndi nyimbo za pafoni limabwerako litaona mitengo yokha. Wofika m'mamawa, woyenda mwakachetechete ndi kuima kawirikawiri, amayamba wamva nthambi zikugwedezeka, kenaka amaona nchima zikulumpha kumwamba. Anyani ndi apusi amakonda m'mphepete mwa nkhalango. Agologolo amathamanga m'mitengo, agulugufe amitundumitundu amasonkhana pachinyezi, ndipo mbalame zimamveka kwambiri kuposa mmene zimaonekera. Nguluwe, nungu, gwape ndi mbawala n'zamanyazi, ndipo zina zimayenda usiku. Mlendo amadziwa kuti zilimo poona mapazi m'matope, nthaka yofukulidwa, kapena munga wa nungu umene wagwa m'njira. Kuwerenga zizindikiro zimenezi linali luso la mlenje aliyense, ndipo lero kuli ngati kuwerenga chilankhulo chachilendo.

N'chifukwa chake ndi bwino kutenga wolondolera njira wa m'midzi yozungulira, pakuti safunsa anadya phula. Iye amadziwa pamene njira yagawikana, amachenjeza pamene linthumbu ladutsa, ndipo amaloza chitedze munthu asanachikhudze. Ndalama imene amalandira imaonetsa mudzi wake kuti mtengo woimirira ungathe kudyetsa banja chaka ndi chaka, pamene thumba la makala limadyetsa sabata imodzi. Woyenda avale nsapato zotseka ndi zovala zofika m'mapazi, atenge madzi akumwa ndi chofunda, pakuti kuphiri kumazizira. Kuyambira Meyi mpaka Okutobala msewu umakhala wabwino. M'dzinja mumaterera, koma ndiyo nyengo ya maluwa ndi bowa. Bowa wambiri wa m'mitengo ya mombo ndi msuku amadalira mizu ya mitengoyo, kotero kuti mtengo ukadulidwa ndiwo imeneyi imapita nawo. Komabe mlendo asathyole bowa amene eni dera sanamuvomereze.

Chimene chili pachiswe si mitengo yokha. Ana ambiri a sukulu lero amadziwa mayina a nyama za kutali zimene amaziona pakanema, koma sangasiyanitse nchima ndi pusi, kapena gwape ndi mbawala. Miyambi, nthano ndi zilapi zadzaza ndi nyama ndi mitengo. Mwana amene sanaonepo chinthu chotchulidwacho amaloweza mwambi ngati chigoba chopanda kanthu. Dzina la mtengo limakhala ndi moyo malinga ngati alipo wouloza ndi wofunsa kuti ndi mtengo wanji. Msitu ukatha, mawu ake amatsala m'mabuku okha.

Ndipo msitu umatha ndithu. Phiri la Thyolo linali ndi msitu wonga womwewu, koma chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990 ndi kuchiyambi kwa zaka za m'ma 2000 pafupifupi wonse unadulidwa n'kusanduka minda. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Lamulo la zankhalango la 1997 lilipo, ndipo alonda a boma alipo, koma nkhwangwa, misampha ndi moto wolusa sizimaopa pepala. Zimaopa maso a anthu amene malowo amawadziwa ndi kuwakonda. Nzeru imeneyi si yachilendo kuno: m'midzi yambiri mmene mitengo inatha, kumanda kokha n'kumene kwatsala msitu, chifukwa mwambo ndi mawu a mfumu zimautchinjiriza.

Tsono pempho likupita kwa mafumu, aphunzitsi, atsogoleri a mipingo ndi makolo. Sukulu imene imakonza ulendo wokaona mzinda ikonzenso wokaona msitu, ndipo itenge gogo mmodzi kapena awiri odziwa mayina a mitengo ndi ntchito zake. Banja limene limasonkha ndalama zopitira kunyanja lipatule tsiku limodzi la kuphiri. Wopitako asasiyeko pulasitiki, asayatse moto, asadyetse anyani, ndipo asazule chomera chilichonse. Msitu wa Ntchisi unasunga makolo pa nthawi ya nkhondo. Tsopano ndi nthawi yoti adzukulu awo akaudziwe, kuti nawonso athe kuusunga.